Kuchoka kwa Woweruza Kupita kwa Dokotala: Mbiri ya Lamulo la Mankhwala Ozunguza Bongo ku Portugal

Kwa zaka zoposa 40, dziko la Portugal linali ngati nyumba yotseka zitseko ndi mawindo omwe. António de Oliveira Salazar anakhala nduna yaikulu mu 1932, ndipo chaka chotsatira anakhazikitsa ulamuliro umene ankautchula kuti Estado Novo. Nyuzipepala zinkayamba zadutsa m'manja mwa boma zisanasindikizidwe. Apolisi achinsinsi a PIDE anali ndi makutu paliponse, moti munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la mtsogoleri. Coca-Cola sankagulitsidwa, ndipo wofuna kukhala ndi laita yoyatsira fodya ankayenera kukadula chiphaso ku boma. Pamene achinyamata a ku London, Paris ndi Amsterdam ankalawa chilichonse chimene chawapeza m'zaka za m'ma 1960, anzawo a ku Lisbon ndi Porto ankangomva mphekesera.

Komabe boma linayamba kumenya nkhondo mdani asanafike. Mu 1970, Marcelo Caetano atalowa kale m'malo mwa Salazar, panatuluka lamulo loti kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo ndi mlandu, ndipo posakhalitsa m'makoma munamatidwa zikwangwani zokhala ndi mawu atatu okha: mankhwala, misala, imfa. Anthu ambiri amene ankawerenga zikwangwanizo anali asanaonepo mankhwala amene ankanenedwawo.

Amene anali atawaona anali kutali, kuno ku Africa. Nkhondo yomenyera ufulu inabuka ku Angola mu 1961, ku Guinea-Bissau mu 1963 ndi ku Mozambique mu 1964, ndipo boma la Apwitikizi linkagwira anyamata zikwizikwi chaka chilichonse n'kuwatumiza kutchire la ku Cabo Delgado, Niassa ndi Tete. Anyamata akumudzi amene anali asanatulukepo m'boma la kwawo anapezeka akulondera misewu yokwiriridwa mabomba, akulimbana ndi mantha komanso kusungulumwa. Kumeneko ambiri anadziwana ndi chamba, chimene ku Angola amati liamba ndipo ku Mozambique amati suruma. Pa 25 Epulo 1974 asilikali otopa ndi nkhondoyo anagwetsa boma ku Lisbon, anthu n'kuwasomekera maluwa ofiira m'mipope ya mfuti. Chaka chotsatira maiko a mu Africa aja atalandira ufulu, asilikali anabwerera kwawo, ndipo pambuyo pawo panatsatira anthu pafupifupi theka la miliyoni amene ankakhala m'maikomo. M'zikwama za ena munali chamba.

Zitseko zonse zinatseguka nthawi imodzi. Munthu amene wakhala m'chipinda chamdima nthawi yaitali, akatuluka masana maso amachita chidima, ndipo zinalinso choncho ndi dziko limeneli. Chamba sichinachedwe kutsatidwa ndi heroin, amene anayamba kuoneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kusefukira m'zaka za m'ma 1980. Portugal ili ndi gombe lalitali ndi madoko ambiri, ndipo italowa m'bungwe la maiko a ku Ulaya mu 1986, katundu ndi anthu zinkayenda mosavuta kuposa kale. Makolo sankadziwa kuti ufa wabulauniwo n'chiyani. Aphunzitsi sankadziwa, madokotala ambirinso sankadziwa. M'maiko ena heroin ankakhazikika m'madera a anthu osauka, koma ku Portugal analowa m'nyumba ya msodzi wa ku Algarve, ya loya, ya mwini fakitale ndi ya nduna yomwe. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti anthu pafupifupi 100,000 ankagwiritsa ntchito heroin, m'dziko la anthu 10 miliyoni. Ndiye kuti munthu mmodzi pa 100 alionse.

Amene akufuna kumvetsa zaka zimenezo ayenera kumva za Casal Ventoso. Linali dera la zisakasa ndi nyumba zakugwa pachitunda cha kumadzulo kwa Lisbon, moyang'anizana ndi chigwa cha Alcântara. Poyamba kunkakhala anthu ogwira ntchito padoko ndi m'mafakitale, koma ntchitozo zitatha, malonda amene anatsala anali a heroin. Anthu ankalitchula kuti msika waukulu wa mankhwala ku Ulaya konse, ndipo akuti tsiku lililonse kunkakwera anthu okwana 5,000 kukagula. Ena ankabwera atavala tayi, kugula n'kubwerera ku ofesi. Ena sankabwereranso. Ankagona m'makatoni ndi m'matenti m'mbali mwa chitundacho, mikono ndi miyendo zili zilonda zokhazokha, pansi pali mbwee majakisoni otha ntchito amene wina ankatola n'kudzibayanso nawo. Kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi zinkayenda m'singano zimenezo, ndipo pofika 1999 Portugal inali patsogolo pa maiko onse a m'bungwe la European Union pa chiwerengero cha odwala Edzi chifukwa chodzibaya mankhwala.

Boma silinakhale manja lende. Linachita zimene maboma amachita: apolisi, maunyolo, bwalo la milandu. Lamulo la 1993 linkati wopezeka ndi mankhwala ochepa oti agwiritse ntchito yekha akhoza kukhala m'ndende mpaka miyezi itatu, ndipo akapitirira mlingo wa masiku atatu, mpaka chaka. Kunena zoona, oweruza ambiri ankangogamula chindapusa, ndipo ochuluka mwa amene ankadzaza ndende anali ogulitsa ang'onoang'ono, anthu amene ankagulitsa timapaketi tiwiri kuti apeze kachitatu kawokawo. Mu 1999 akaidi 44 pa 100 alionse anali m'ndende pa milandu ya mankhwala. Munthu ankalowa ndi chibaba chake n'kutuluka nacho, nthawi zina atawonjezerapo kachilombo. Koma choipa chachikulu cha lamulolo chinali mantha. Anthu amene anakulira pansi pa PIDE sankapereka dzina lawo ku ofesi ya boma mwachisawawa, ndipo mnyamata wodziwa kuti chimene akuchita ndi mlandu ankaona chipatala ngati khonde la polisi. Mayi ankabisa mwana wake m'chipinda mpaka tsiku lomupeza atauma.

Nkhani ya Portugal imakonda kufotokozedwa ngati kuti tsiku lina aphungu anadzuka ndi nzeru zatsopano. Sizinali choncho. Kwa zaka zoposa 20 lamulo lisanasinthe, panali anthu ochepa amene ankagwira kale ntchito ngati kuti linasintha. Mu 1977, ku Porto, dokotala wa matenda a maganizo Eduíno Lopes anayamba kupereka methadone, mankhwala akumwa amene amaziziritsa chibaba cha heroin kwa tsiku lathunthu kuti munthu athe kugwira ntchito osathamangira jakisoni. Anzake ambiri ankamunena kuti akungosinthanitsa chizolowezi china ndi chinzake. Mu 1987 Unduna wa Zaumoyo unatsegula Centro das Taipas, malo othandizirako anthu omwerekera ku Lisbon, motsogozedwa ndi Luís Patrício, ndipo kumeneko n'kumene madokotala ochokera m'zigawo ankapita kukaphunzira. Mmodzi mwa iwo anali João Goulão, dokotala wamba wa ku Algarve, amene anabwerera ku Algarve komweko kukatsegula malo othandizirako anthu otere, ndipo mu 1997 anakhala mkulu wa malo onse a mtunduwu m'dzikomo.

Ndiye panali mayi Odette Ferreira. Anali katswiri wa zamankhwala ndi tizilombo pa yunivesite ya Lisbon, ndipo magazi amene iye anatenga kwa odwala ochokera ku Guinea-Bissau n'kupita nawo ku Institut Pasteur ku Paris ndi amene anathandiza kuti mtundu wachiwiri wa kachilombo, HIV-2, udziwike chapakati pa zaka za m'ma 1980. Munthu wa mbiri yotere akanatha kukhala mu labotale mpaka kupuma ntchito. Iye anakwera chitunda cha Casal Ventoso. Mu 1993 anayambitsa ntchito yosinthanitsa majakisoni: munthu abweretse yakale, alandire yatsopano pamodzi ndi kansalu kopukutira ndi kondomu, popanda kufunsidwa dzina. Nzeru yake yaikulu inali yodutsira m'mafamase wamba, amene ali m'tauni iliyonse, mogwirizana ndi bungwe la eni mafamase. Taganizirani mmene zinalili: boma lomwelo, ndi dzanja lamanja likupereka jakisoni, ndi lamanzere likumanga unyolo munthu amene walandira jakisoniyo. Zinthu sizikanapitirira choncho mpaka kalekale.

Mu 1997 kafukufuku wa maganizo a anthu anasonyeza kuti Apwitikizi ankaona mankhwala ngati vuto loyamba la dziko lawo. Goulão wakhala akunena kuti panthawiyo kunali kovuta kupeza banja limene silinakhudzidwe, ndipo ine ndikuona kuti apa ndiye pagona nkhani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu amene mwana wake weniweni akuba ndolo za mayi ake kuti akagule heroin savutika kumvetsa kuti mwanayo akudwala, ndipo salakalaka kuti akamuone kundende. Zikanakhala kuti vutoli linali la anthu a m'zisakasa okha, ndikukayika ngati aphungu akanalimba mtima.

Mu 1998 boma la António Guterres, yemwe pambuyo pake anadzakhala mlembi wamkulu wa United Nations, linasankha gulu la akatswiri kuti liunike nkhani yonse. Munali madokotala, akatswiri a maganizo ndi a malamulo, Goulão ali momwemo. Wapampando anali Alexandre Quintanilha, wasayansi wobadwira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo, amene anaphunzira ku Johannesburg ndipo sanali katswiri wa nkhani za mankhwala ozunguza bongo. Mwina zimenezo zinathandiza, pakuti analibe mbali yoti aiteteze. Malangizo a gululi anasanduka ndondomeko ya dziko lonse mu 1999. Inatsamira pa mfundo ziwiri: umunthu, kutanthauza kuti womwerekera ndi mankhwala sanasiye kukhala munthu, ndi kutsata chimene chikuoneka kuti chikuthandiza m'malo mwa chimene chikumveka bwino pamsonkhano wandale.

Panali mwala umodzi panjira. Portugal inasainira mapangano a United Nations a 1961, 1971 ndi 1988, amene salola dziko kuvomereza mankhwalawa. Akatswiri a malamulo anapeza kanjira kapakati: mankhwala akhalebe oletsedwa, koma kupezeka nawo ochepa kuchoke m'gulu la milandu yopita kukhoti, kukhale kulakwa kofanana ndi kwa dalaivala amene sanamange lamba. Otsutsa boma anakuwa. Paulo Portas, mtsogoleri wa chipani china, anachenjeza kuti ndege zidzadzaza ndi achinyamata akunja obwera kudzasuta pagombe la Algarve, ndipo ena anafuna kuti pachitike riferendamu. Pulezidenti Jorge Sampaio anayamba walibweza lamulolo chifukwa nyumba za malamulo za pazilumba za Madeira ndi Azores zinali zisanafunsidwe. Litakonzedwa, linatuluka pa 29 Novembala 2000 ngati lamulo nambala 30/2000, n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2001.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kufotokoza. Wapolisi akapeza munthu ndi mankhwala, amamulanda n'kuwayeza pasikelo. Malire ndi mlingo wa masiku 10: galamu imodzi ya heroin, magalamu awiri a kokeni, magalamu 25 a chamba cha masamba, kapena magalamu asanu a utomoni wake. Zikapitirira apo, kapena pakakhala umboni woti akugulitsa, nkhani ikhoza kupita kukhoti monga kale, ndipo ogulitsa amamangidwabe mpaka lero. Zikachepera, munthuyo salowa m'chitokosi. Amapatsidwa kalata yoti akaonekere pasanathe maola 72 ku komiti imene dzina lake limatanthauza kuti yolepheretsa anthu kumwerekera. Makomiti amenewa alipo m'zigawo zonse 18 za kumtunda ndi pazilumba, ndipo ali pansi pa Unduna wa Zaumoyo, osati wa Zachilungamo. Lamulo linati mukhale anthu atatu: wodziwa malamulo mmodzi, ndi awiri ochokera ku zachipatala, zamaganizo kapena zachisamaliro cha anthu.

Mulibe mkanjo wa woweruza, mulibe kabokosi koimamo wolakwa. Ndi ofesi wamba yokhala ndi tebulo ndi mipando. Munthu amayamba wacheza ndi wazachisamaliro, amene amafunsa za kunyumba, za ntchito, za sukulu, ndi kuti wakhala akugwiritsa ntchito mankhwalawo kangati. Ambiri amene amafika kumeneko ndi achinyamata ogwidwa ndi chamba, osamwerekera, ndipo nkhani yawo imaimitsidwa n'kufufutika akapanda kugwidwanso. Wobwerezabwereza akhoza kulipitsidwa chindapusa, kuletsedwa kufika malo ena, kapena kulamulidwa kumakaonekera kuchipatala nthawi ndi nthawi. Koma amene wapezeka kuti ndi womwerekera salipitsidwa ndalama, pa chifukwa chimene aliyense angachione: ndalamayo akaipeza kuti, ngati si kukaba? Iyeyo amalimbikitsidwa kupita kukalandira thandizo, ndipo komiti ikhoza kumuimbira foni kuchipatalako iye ali pomwepo. Sakakamizidwa. Akakana lero, khomo limakhalabe lotsegula. Ndipo chachikulu, dzina lake silipita m'kaundula wa anthu opalamula, kaundula amene akanamutsekera ntchito moyo wake wonse.

Anthu akunja amaima pamenepa n'kuyamba kuombera m'manja, koma komitiyo ndi khomo chabe. Funso ndi lakuti kuseri kwa khomolo kuli chiyani. Mu Juni 2001, lamulo lina losatchuka, nambala 183/2001, linakhazikitsa ntchito zochepetsa ngozi: magulu oyenda m'makwalala kufunafuna anthu kumene ali, malo ogona, ndi magalimoto opereka methadone pamalo odziwika tsiku lililonse, monga amene bungwe la Ares do Pinhal limayendetsa ku Lisbon. Kuyambira 1998 panalinso ndondomeko ya Vida-Emprego, imene inkathandiza olemba ntchito kulipira malipiro a munthu amene akuchira. Mu 2002 nthambi zosiyanasiyana zinaphatikizidwa kukhala bungwe limodzi, IDT, lokhala ndi ndalama zake ndi antchito ake kuyambira ku likulu mpaka kukachipatala ka m'boma. Nayo Casal Ventoso inagwetsedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anthu ake n'kusamutsidwira m'nyumba zosanjikizana kuchigwa.

Ndege za Portas sizinabwere. Chiwerengero cha olandira thandizo chinakwera kuchoka pa 23,654 mu 1998 kufika pa 38,532 mu 2008. Odzibaya mankhwala amene ankapezeka kumene ndi HIV anali 1,016 mu 2001, koma mu 2012 anali 56. Akufa chifukwa cha mankhwala anatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 80 mu 2001 kufika pa 16 mu 2012, ndipo m'chaka chomwecho akaidi a milandu ya mankhwala anali atatsika kufika pa 21 pa 100 alionse. Pofika 2009, vuto lija limene linali loyamba pa nkhawa za anthu linali pa nambala 13. Chaka chimenecho Glenn Greenwald analemba lipoti lotamanda Portugal m'dzina la Cato Institute ya ku America, ndipo alendo anayamba kukhamukira ku ofesi ya Goulão.

Tisakokomeze. Caitlin Hughes ndi Alex Stevens, amene anaunika nkhaniyi mofatsa mu 2010, anadzasonyezanso kuti otamanda ndi onyoza omwe ankasankha manambala owakomera. Heroin anali atayamba kale kutha mphamvu m'maiko ena a kumadzulo kwa Ulaya, majakisoni a mayi Ferreira anayamba zaka zisanu ndi zitatu lamulo lisanabwere, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anasintha nkhani ya Edzi paliponse. Palibe amene angalekanitse bwinobwino gawo la lamulo ndi gawo la zinazo. Goulão mwini wake amakana kuti lamulolo ndi mankhwala ochiza zonse. Chimene tinganene molimba mtima n'chakuti zoopsa zimene zinaloseredwa sizinachitike, ndipo anthu amene ankabisala anatulukira.

Umboni woti mphamvu inali kuseri kwa khomo unabwera ndalama zitasowa. Mu 2011 Portugal inagwa m'mavuto a zachuma n'kulandira ngongole ya mayuro 78 biliyoni, yobwera ndi lamulo lodula ndalama za boma. Mu 2012 IDT inathetsedwa. M'malo mwake munabwera SICAD, ofesi yongokonza ndondomeko, ndipo zipatala za omwerekera zinagawidwa ku maofesi a zaumoyo a m'zigawo, kumene zinkalimbirana ndalama ndi matenda ena onse. Anthu amene anasiya heroin zaka zambiri m'mbuyomo, ntchito zitawathera, ena anabwereranso ku jakisoni. Mizere yodikira thandizo inatalika. Lamulo la 2000 linali lomwelo, koma m'makwalala zinthu zinayamba kubwerera m'mbuyo. Pofika 2023 meya wa Porto, Rui Moreira, ankadandaula poyera za anthu odzibaya ndi kusuta kokeni wa miyala pafupi ndi masukulu ndi nyumba za anthu, ndipo apolisi ena ankati kulemba makalata opita ku komiti n'kutaya nthawi.

Makhoti nawo anali atabweza gawo lina mwakachetechete. Mu 2008 khoti lalikulu linagamula kuti wopezeka ndi mankhwala opitirira mlingo wa masiku 10 ali ndi mlandu ngakhale zitaoneka kuti ndi ake yekha, ndipo anthu anayambanso kuweruzidwa chifukwa chongogwiritsa ntchito. Zinatenga zaka 15 kuti aphungu akonze zimenezi ndi lamulo nambala 55/2023, limene linati sikelo ndi chizindikiro chabe, osati chigamulo.

Kutsidya kwa nyanja, boma la Oregon ku America linatengera chitsanzochi mu Novembala 2020, koma linatenga khomo n'kusiya nyumba. Wogwidwa ankapatsidwa tikiti ya madola 100 ndi nambala ya foni yoti aimbe akafuna, popanda komiti yokhala naye pansi, ndipo ndalama za zipatala zinachedwa kufika pamene fentanyl, mankhwala oopsa kwambiri kuposa heroin, anali atadzaza m'misewu. Mu 2024 aphungu a kumeneko anabwezeretsa chilango. Chaka chomwecho Portugal inayenda njira yosiyana: inasonkhanitsanso ntchito zija pansi pa bungwe limodzi latsopano, ICAD, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Goulão yemwe uja, tsitsi litayera.

Lamulo la Juni 2001 linalolanso kuti pakhale zipinda zimene munthu angagwiritsiremo ntchito mankhwala ake namwino ali pafupi, kuti akakomoka apulumutsidwe. Ndime imeneyo inagona papepala zaka 18, andale akuopa kuigwira. Galimoto yoyamba ya ntchitoyi inayamba kuyenda mu Lisbon mu 2019, ndipo Porto inatsegula chipinda chake mu 2022. Chipinda chokhazikika cha ku Lisbon chinatsegulidwa mu 2021 m'chigwa cha Alcântara, pafupi ndi nyumba zimene anasamutsiramo anthu a ku Casal Ventoso. Muli malo odzibayira ndi malo osutira, bafa, ndi pomwera khofi. Ena mwa amene amalowamo ndi azibambo a imvi amene ankakwera chitunda chija ali anyamata. Mayi Odette Ferreira sanachione chipindacho, pakuti anamwalira mu 2018.